Phiri Lozondoka

Mayi Ermelinda Oyarzo anandipatsa ganyu ya masiku atatu,
ine ndi kavalo wanga Tordillo,
kuti tisenze bokosi lathabwa
la khosi lachikopa lopindikapindika ngati mvukuto,
miyendo yake itatu, ndi mafilimu anayi okha,
iliyonse yotambalala kuposa chikhatho cha bambo anga.

Anayi? Mtunda wonsewu?
Iwo anangomanga chipewa chawo ndi mpango.

Kumtunda kwa mtsinje wa Baker njira imatha osatsanzika.
Kumatsala miyala yoterera,
mitengo ya lenga yoweramira mbali imodzi
ngati ili ndi ngongole kwa mphepo,
ndi madzi oundana olendewera pakati pa nsonga ziwiri.

Anazika miyendo itatu ija pathanthwe
nadzifunditsa nsalu yakuda,
munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri kusanduka chulu.
Kenaka dzanja linatuluka, kundikodola: dzasuzumire.

Pagalasi phiri linali chadodolido,
nsonga zikulendewera ngati mawere a ng'ombe,
dziwe lili m'mwamba, osatayika ngakhale dontho.
Ndinagwiritsa thanthwe, kuopa kugwera m'mitambo.

Tsiku loyamba mphepo inakana.
Lachiwiri nkhungu inameza zonse, ndi Tordillo yemwe.
Tinamwa mate, chikho chimodzi kupatsirana.
Anandiuza kuti maso awo achita ng'ala,
kuti kufiira ndi kubiriwira zinayamba kale kuwathawa,
koma kuchokera pa khala kukafika pa chipale chofewa
amawerengabe makwerero khumi a phulusa.

Lachitatu m'bandakucha kunangoti zii.
Anasolola kachitseko kopyapyala, nadina kachingwe,
milomo ikuwerenga chamumtima. Mphindi zinayi zathunthu.
Apo ndi pomwe Tordillo anadula chingwe
nadutsa kutsogolo kwenikweni kwa diso la kamera,
ine pambuyo, liwiro, kutukwana,
poncho ikukupiza ngati mapiko a nkhuku yothawa mpeni.
Ndinabwerera nkhope ili pansi.
Iwo sanasiye kuwerenga.

Patatha miyezi iwiri envelopu inabwera pa basi.
Thanthwe lililonse lilimo ndi ming'alu yake,
ndere zake, kamwala kamene ndinapunthwapo.
Mathithi asanduka utsi.
Madzi oundana ali mbee, koma m'kuyera kwake
muli makwinya ngati a nkhope yoseka.
Ndinafunafuna kavalo. Ndinadzifunafuna ndekha.
Palibe.
Kungoti m'munsi, chakumanzere,
kamthunzi kotuwa, ngati mpweya wa m'kamwa tsiku lachisanu.

Kuseri analemba ndi pensulo, zilembo zazikulu zopendekera:
Evaristo, mulipo nonse awiri.
Filimu imagwira bwino zokhazo zoima.

Tordillo anafa chaka chatha, udzu usanaphuke.
Mayi aja ndamva sakuonanso,
bokosi lija anapatsa mdzukulu wa ku Valdivia.
Chithunzi chili pakhoma, pamwamba pa mbaula.
Alendo akabwera amayamikira phiri,
amafunsa kutalika kwake, amafunsa ngati limakwereka.
Ndimawayankha, maso anga ali m'munsi chakumanzere.

Dzulo ndinapeza mwana wanga Amaro atakwera pampando,
akupukuta pamenepo ndi mkono wa juzi,
kupumira pagalasi, kupukutanso.
Akuti pali fumbi lomwe silikuchoka.