Nkhuni za Wobwera Pambuyo

Dzuwa linaleka kutuluka masabata anayi apitawo.
Masana athu ndi kachisisira chabe, kofiirira m'mphepete,
ndipo ndamangirira agalu asanu ndi awiri pa chileyi
mudzi wa Hetta ukadali m'bulangeti.

Kutsogolo ndaika Viima wa zaka zitatu,
wopupuluma, wosadziwa kuti mphamvu za ulendo
sathera m'mamawa.
Halla, amene anatitsogolera zaka zisanu ndi zinayi,
ndamufunditsa m'thumba pa chileyi, mphuno yokha kunja.
Akundiyang'ana ngati ndamubera kanthu.
Ndamuberadi.

Tiyeni!
Kuuwa konse kuja zii.
Kwangotsala wefuwefu wa zifuwa zawo
ndi khwee wa chileyi pa chipale chofewa.

Mitengo ikufupika tikamakwera,
kenako yatha, ngati yatopa nafe.
Mpweya wanga waundana pa nsidze,
chala chaching'ono chakumanzere chaleka kundiyankha.
Ndaima kawiri kuveka Pyry timasokosi,
iye wavula kawiri, kamodzi watafuna.

Pamwamba pa phiri mphepo yatipeza.
Yafufuta njira monga mwana afufutira samu yolakwa,
yameza mizati yolozera njira, umodzi umodzi,
kumwamba mbee, pansi mbee,
sindikudziwanso ngati tikukwera kapena tikutsika.
Viima waima. Wacheuka.
Maso akewo akufunsa ine,
ine amene ndimayembekeza kufunsa iye.

Pamenepo m'thumba mwamveka kulira kwapansipansi.
Halla watulutsa khosi, waloza mphuno kumanzere,
kumene ine ndikanalumbira kuti kuli phompho.
Sindinamumasule. Chiuno chake chinatha kale.
Ndangofuula kumanzere,
ndipo agalu asanu ndi awiri akoka
kutsata mphuno ya wachisanu ndi chitatu.

Kanyumba katulukira mwadzidzidzi, bii,
denga lokha ndi theka la chitseko.
Kuno zitseko sakhoma.
Ndafukula ndi fosholo yopachikidwa pakhoma, ndalowa,
ndipo pambali pa mbaula pali nkhuni zowazawaza,
makungwa ouma opindidwa bwino,
machesi atatu atasuzumira kunja kwa bokosi
kuti zala zakufa zisavutike kutola.

Sindikumudziwa amene anachita izi.

Koma agalu ayambe ndiwo.
Ndasungunula chipale mu ndowa,
ndaponyamo nsomba ndi mafuta,
ndayala udzu, ndagwira phazi lililonse,
mapazi makumi atatu ndi awiri, kufuna ming'alu.
Khofi wanga wabwera pambuyo, wowawa, wabwino.

Pa thebulo pali buku la alendo, pensulo pa chingwe.
Wina analemba za kuwala kobiriwira kumwamba, masamba awiri athunthu.
Wina anadandaula za mnzake woliza mkonono.
Womaliza sanachulutse:
Reino ndi mwana wake Oula, tachoka Lachiwiri,
nkhwangwa ikuguluka mumpini, chenjerani.

Usiku Halla wagona pa mapazi anga,
ngakhale malamulo a pakhoma sakondwa nazo.
Ndamva nthiti zake zikukwera, zikutsika,
ndawerenga mpaka tulo tandilanda chiwerengero.
Kunja enawo ayamba nyimbo yawo yaitali,
atha onse pamodzi, ngati wina wadula ndi mpeni.

M'mawa, ngati tingautche m'mawa,
ndasema kamtengo, ndakhomera nkhwangwa mumpini.
Ndawaza nkhuni mpaka thukuta laundana pamsana,
zambiri kuposa zimene ndinawotha.
Ndapinda makungwa.
Ndasolola machesi atatu.

Mwina adzafika mawa, mwina mwezi wa Malichi,
mwina akulankhula chinenero chimene sindimva,
atanyowa, atakwiya, akutukwana mphepo.
Sadzandithokoza, monga ine sindinamupeze Reino.

Ndanyambita nsonga ya pensulo, ndalemba:
Aune Palojärvi, ndachoka Loweruka,
nkhwangwa ndakonza.
Agalu asanu ndi atatu.

Nambala imeneyo ndaibwereza, ndatsindika,
mpaka pepala latsala pang'ono kubooka.