Kuwerenga Chopereka pa Kamwendo

Anthu akatuluka ndimatsala ine, mbale ziwiri,
ndi Lufeyo Kambwiri wondichitira umboni,
pa benchi ya mbali yomwe kuli denga.
Theka linalo la tchalitchi ndi thambo lenileni.
Malata tinalekeza pa mzere wachisanu ndi chiwiri
chaka chija kwacha inagwa ife tili m'tulo.

Ndimawongola ndalama zofota ngati fodya wa m'chigafa,
zina zonunkha utsi, zina thukuta la pamfundo ya chitenje.
Lero muli mazira atatu okulunga m'kansalu,
kandalama ka ku Zambia kodzera pa Mwami,
ndi batani la malaya.
Ndalemba zonse m'kaundula. Batani lomwe ndalemba.

Wailesi ya Lufeyo sidziwa Sabata.
Ikutchula mizinda yondipinda lilime,
mabomba pa madoko, sitima zaima panyanja.
Ine sitima ya pamadzi sindinaionepo,
koma ikaima uko, kuno feteleza amalumpha mpanda,
akabaza amagona pamzere wa mafuta,
kuchipatala amati, mayi, otipatsa mankhwala aja afumbata dzanja,
mukayesenso mwezi wamawa.
Moto wayaka kutsidya kwa nyanja,
phulusa likugwera m'mbale zanga zino.

Lachinayi lija tinakangana mpaka nkhuku kulowa.
Akulu a mpingo anati gulani malata lero,
mawa ndalama imeneyi igula misomali yokha.
Sankanama.
Ndiye Enelesi Nangondo, amene pamsonkhano amangoluka mphonje za mpango wake,
anaimirira osapempha mwayi.
Gevinala wabwerako ku Joni ndi jumbo lokha, anatero,
okala yake anaitentha iye akuona.
Ana amasiye a kwa Chimteka mbewu anakazinga mu Okutobala.
Denga silimva njala.
Mvula ikatinyowetsa tikupemphera, ndiye kuti yanyowetsanso minda,
koma m'mindamo mukhale kanthu.

Kunangoti zii.
Ine ndinakwiya, ndisaname.
Zaka zinayi ndikugona ndi kiyi wa bokosi m'chiuno,
ndimafuna ndimve mvula ikulira pa lata
ndisanatuluke m'tchalitchi muno miyendo ili kutsogolo.

Tinagula mtedza wa mbewu, matumba asanu ndi anayi,
ndi soya pang'ono pa zotsalazo.
Anyamata a kwaya anamanga pa njinga,
khomo ndi khomo, osafunsa kuti mumapemphera kuti.
Bzalani. Mukakolola mubweze ndowa imodzi, ipite kwa wina.
Gevinala analandira ndi manja awiri, maso ali pansi,
malaya ake atatseguka pachifuwa.

Lero yayamba ulaliki uli pakati.
A kopanda denga anathamangira kuno,
tinapanikizana ngati thonje m'thumba,
Enelesi anapezeka pa phewa langa, ine wosamulankhula milungu itatu.
Mawu a abusa anamira m'madzi,
tinangomva fungo la dothi likukwera.
Wina anaseka. Wina anayambitsa nyimbo pakati pake.

Za mawa a dziko lapansi sindizidziwa.
Mwina sitima zija ziimabe, mwina kwacha igwanso usiku uno,
mwinanso ng'amba ibwera mu Januwale n'kutipserezera zonse.
Chomwe ndikudziwa n'chochepa, chokwana m'dzanja ngati njere:
amene timamugwadira muno anakwiriridwapo nayenso,
anthu n'kubwerera kwawo atataya mtima,
koma nthaka inalephera kumusunga.
N'chifukwa chake timakwirira chakudya chathu m'dothi louma
anthu anzeru akutiseka.

Lufeyo akufunsa kuti batanili tilembe mtengo wanji.
Siyani pamenepo popanda nambala, ndamuuza,
mwini wake analibe china, koma mbale sanailole kudutsa.
Tsekani wailesiyo, tithire siginecha.
Singano ndili nayo kunyumba,
ndipo malaya osowa batani ndikuwadziwa.