Golovesi ya Kumanzere

Ku Tampere dzuwa la Januwale limadzuka mochedwa,
koma Otso sadikira dzuwa.
Faifi koloko ali kale pachifuwa panga,
kachala kake kakukanula chikope changa
kuti aone ngati mkatimo muli munthu.

Amayi ake, Riikka, angofika kumene kuchokera kuchipatala,
ntchito ya usiku ikadali m'mapewa.
Agone. Ife tituluke.

Kutuluka ndi liwu lalifupi.
Malaya amkati, juzi, masokosi aubweya,
kenako chovala chachikulu chija cha zipi imodzi
chomwe chimasandutsa mwana thumba loyenda.
Mwendo umodzi walowa, wina wakana.
Ndikagwira wokanawo, woyamba uja watuluka.
Ine thukuta kamukamu, pomwe panja nyanja yauma gwa.
Zipi yafika pakhosi, nsapato zavalidwa, chipewa chakhala,
ndipo iye, ndi nkhope ya munthu wosalakwa:
"Adadi, ndikufuna kukodza."

Tiyambirenso.

Kokwerera sitima ya mumsewu si kutali,
ndekha ndimafika ndisanamalize kuyasamula.
Ndi Otso ndi theka la ola.
Mulu uliwonse wa chipale chofewa aulawe,
galu aliyense apatsidwe moni,
ndiye pali kamtengo kena, kofanana ndi tinzake tonse,
komwe sikangasiyidwe kokha chifukwa kangalire.

Sitima yathu yadutsa tikuona.
Iye waibayibitsa ndi manja awiri.

Mu yotsatira muli zii, monga mwa masiku onse,
aliyense maso pawindo kapena pafoni,
mpaka liwu la mwana wanga litang'amba bata:
"Chifukwa chiyani agogo awo alibe tsitsi?"
Ndikulakalaka pansi patang'ambika.
Mkuluyo wavala chipewa chake mwapang'onopang'ono.
"Linathawa kuzizira," akutero, "linakabisala m'makutu."
Otso wasuzumira, wakhutira.

Ku laibulale kuli mabuku osawerengeka,
iye akufuna lomwe lija la katapila wachikasu.
Ndaliwerenga kanayi. Ndikadumpha tsamba amadziwa.
Kachisanu ndayamba kusinza pakati pa chiganizo
ndipo wandiwongolera ngati mphunzitsi wamkulu.

Potuluka, golovesi ya kumanzere yasowa.
Yachitatu mwezi uno.
Ndakwawa pansi pa mashelefu, ndafunsa mayi wa pakauntala,
wanditulutsira bokosi lodzaza magolovesi amasiye,
yathu mulibe.

Ndamugulira banzi kuti ayiwale.
Kulakwa kwanga: ndalinyema pakati.
Amafuna lathunthu.
Tsopano wagona chagada pakhomo pa sitolo,
akupalasa miyendo, kulira kofika kutsidya kwa msewu,
akuti ndilumikize. Ndilumikize banzi!
Ine, amene ndimakonza makina a fakitale yonse,
ndayima ndi zibenthu ziwiri m'manja, nzeru zatha.

Mayi wina wa ndodo waima pambali panga.
Ndakonzekera kudzudzulidwa.
"Wanga ali ndi zaka makumi anayi," akutero,
"amakhala ku Oulu. Amayimba foni pa Khirisimasi."
Wapita, ndodo yake ikuboola chipale.

Sindinene kuti mawuwo andifewetsa mtima.
Msana ukuwawabe, mphuno yachita dzanzi,
ndipo banzi ndadya ndekha, mbali zonse ziwiri.

Fili koloko mdima wagwa kale.
Wakana chikuku, wakana kuyenda, wakana kunyamulidwa,
kenako wavomera zonse zitatu motsatizana.
Tulo tamupeza titatsala pang'ono kufika,
tulo tomwe ndinatipempha masana onse.

Ndamukweza masitepe ngati dzira.
Pomuvula, china chagwa kuchokera m'chovala chija:
golovesi ya kumanzere, yonyowa,
ndipo mkati mwake muli kamtengo kaja,
katafunditsidwa mpaka m'khosi.

Riikka wadzuka, akufunsa monong'ona kuti tayenda bwanji.
Ndikumuonetsa golovesiyo.
Akufuna kutulutsa kamtengo kuti ayanike,
ine ndamugwira dzanja:
"Kasiye. Kagona."