Katapila wa Mpweya

Usiku anawotcha munda wa nambala naini.
Tinauona tili pakhonde kuno ku Nchalo,
malawi akunyambita masamba a nzimbe,
phulusa lakuda likugwera m'ndowa zathu za madzi.
Esinala, mwana wanga wa folomu yachitatu,
anatseka kope lake nati:
"Ababa, inunso mumayaka chomwechi,
koma pang'onopang'ono, popanda utsi."
Ndinaseka. Ine Lampiyao kuyaka?
Ndine chitsa kodi?

"Mbatata munadya masana ija," anatero,
"matumbo aiphwanya, yasanduka shuga,
shugayo walowa m'magazi.
Mpweya mukukokawu mapapo akuusefa,
akutapamo okosijeni,
nayenso akukwera bwato lomwelo.
Wopalasa wake ndi mtima,
sagona, safunsa ndalama yowolokera.
Awiriwa akakumana m'timaselo ta mnofu,
tosaoneka ngakhale mutatong'ola maso,
mphamvu imamasuka
ngati mbuzi yodula chingwe.
Zotsala zake ndi madzi basi
ndi mpweya woipa ukutuluka m'mphuno mwanumo."

M'mawa ndinalowa m'munda wopsa uja
kudakali chisisira,
chikwanje m'manja, chigubu cha thobwa kumsana.
Khwapu! Khwapu!
Phesi lililonse likagwa
ndinkamva mbatata yadzulo ikulipira.

Dzuwa la kuchigwa kuno silituluka, limagwera munthu.
Pofika leveni koloko
malaya anali atamata ngati khungu la mlamba,
ndipo a Zuze, kapitawo wathu,
anati mzere wanga watsalira.
Ndinathamangitsa mkono.
Chifuwa chinakoka, chinakoka, osakwanitsa.
Kenaka katumba wa mwendo anamanga mfundo,
ndinagwada pakati pa mapesi akuda
ngati wopempha chikhululukiro.

Zimenezinso mwana uja anandiuza.
Akuti mpweya ukachepa, mnofu sudikira,
umaphwanya shuga mwachidule,
mphamvu yake kadontho,
chotsala chake chowawasa.
Akuti imeneyo ndi ngongole.
Ndiye pamthunzi wa thirakitala
ndinakhala wefuwefu, pakamwa yasa,
kubweza katapila wa mpweya
amene thupi linakongola osandifunsa.
Ngongole yokhayi ndiyo ndimamaliza
tsiku lomwelo.

Ndinakumbuka chaka chija Shire anadya minda,
tikuvuula nyika m'dambo, madzi m'chiuno,
diso limodzi kuyang'ana ng'ona.
Mpweya unalipo wambiri, waulere,
wodzaza chigwa chonse mpaka ku Bangula,
koma miyendo inkakana.
Ng'anjo yopanda nkhuni, ungaikupize motani?
Ndinakumbukanso mayi ake Esinala
malungo atawamwa magazi,
zikhatho zili mbuu:
chakudya chilipo, mpweya ulipo,
koma bwato lowolotsa laboola.
Mtondo wa madzi unkawalemera ngati mwala wa mphero.

Madzulo magalimoto a shuga anakwera Thabwa,
akubuula pamakona,
nawonso akutulutsa utsi wa zimene amwa.
M'matumba amenewo muli dzuwa la kwathu,
muli madzi a Shire,
muli mbatata yanga.
Wina kumtunda adzathira masupuni atatu mu tiyi,
nadzathamangira basi ndi mphamvu
imene inayambira m'mapewa mwangamu.
Ine paketi imodzi ndimaiyang'ana kawiri
ndisanapise m'thumba.

Ndafika kunyumba mdima utagwa.
Esinala wagona pamphasa, tsaya pa kope,
cholembera chidakali m'zala.
Patsambapo wajambula mapapo awiri
ngati masamba a mtengo wozondoka.
Ndaima, ndikumvetsera.
Kachifuwa kakukwera, kakutsika.
Ngakhale m'tulo moto wake sunazime:
ukutenthetsa magazi, ukuluka mafupa,
ukusunga zonse wawerenga lero.

Ndamuchotsa cholembera.
Ndasuzumira m'dengu:
mbatata zatsala zinayi.
Ziwiri zikuluzikuluzo ndaziika pambali,
mawa ali ndi mayeso.