Ola Limodzi ndi Theka

Foni ikuti ndi ola limodzi ndi theka
kuchoka ku Aberdeen kukatera ku London.
Makilomita mazana asanu ndi limodzi, ndi ena apamwamba.
Ndinaseka ndekha m'khichini:
nyemba zouma sizipsa pa nthawi imeneyi.

Koma foni siwerengera usiku umene sindinagone.
Siwerengera basi ya m'bandakucha,
ine ndi mayi wina wokolopa pabwalo la ndege
tikuodzera, aliyense pazenera lake.
Siwerengera lamba amene anandivulitsa,
makiyi ndi makobidi m'kabeseni kotuwa,
ngakhale botolo la tsabola wa kambuzi limene anandilanda,
akuti lapyola muyeso,
lomwe ndinakusinjira iwe, Ndaziona,
maso akuyabwa, Lachinayi usiku.

Nkhungu inachoka kunyanja n'kudzakhala pamsewu wa ndege
ngati mlendo wosadziwa kutsanzika.
Ola. Maola awiri.
Mzungu wa pambali panga anadya masangweji ake onse,
nkuyamba kupinda pepala lake kanayi, kasanu ndi katatu.

Titanyamuka, makutu anatseka.
Pansi nkhosa zinali mpunga wotayikira pa kapinga,
misewu ulusi wosomphoka pa chigamba,
kenako mitambo yokhayokha.
Dziko lonse limene ndakhala ndikuti n'lalitali
ndinalilumpha tiyi asanazizire m'kapu yapepala.

Zaka zinayi ndakhala ndikunena kuti
n'kutali, mlongo wanga,
mashifiti ku fakitale ya nsomba sandipatsa mpata,
matikiti akwera.
Iwe unkangoti, chabwino achimwene.
Tonse tinkadziwa kuti mtunda
unayamba tsiku la maliro a mayi,
pafoni, iwe uko, ine kuno,
tikuwerengerana mapaundi a bokosi,
ine n'kulankhula mawu aja
amene mpaka lero sindinapeze thumba lowabwezeramo.

Ku Heathrow chikwama chinatuluka chomaliza.
Sitima yapansi, sitima ina, basi yofiira
yoima pakhomo lililonse la ku Croydon.
Dzuwa limene ndinalisiya lisanatuluke
ndalipeza likulowa kuseri kwa shopu yometera.

Tsopano ndaima pageti la nambala 43.
Njinga yamwana yagona pa udzu,
ya mwana amene ndimamudziwa pazithunzi zokha.
Ndawerenga: kuchoka pageti kukafika pachitseko
ndi mapazi asanu ndi awiri.
Apa palibe ndege yake,
palibe wolengeza kuti timange malamba,
palibe wondiuza nthawi yofikira.

Mvula yayamba kuwaza.
Manja anga akununkhabe nsomba ngakhale ndinasamba kawiri,
ndipo tsabola uja ali m'bini ku Aberdeen.

Katani yagwedezeka.
Kamutu kakang'ono kasuzumira, kathawa,
ndamva kakukuwa m'katimo,
kakuitana amayi ake m'Chingerezi.

Phazi loyamba.