Pini Yachitatu

Zaka makumi awiri ndi zitatu
ndinkakweza makontena pa doko la Valparaíso,
ndipo dzanja langa linazolowera kulankhula mokuwa.
Bondo litakana makwerero a makinawo
ndinakagogoda pa kashopu ka m'phiri la Barón,
kwa Mayi Eduvigis Cárcamo, okonza maloko.

Anandiikira pa benchi loko wa mkuwa,
woperepeseka m'mbali ngati sopo wotsala pang'ono kutha,
ndi tizitsulo tiwiri:
kena kopinda ngati chigongono,
kena kowonda, kambedza kumutu.
"M'katimo muli mapini asanu," anatero.
"Sudzawaona. Nanenso sindinawaonepo ali pa ntchito."
Atatero anandifunditsa manja thaulo lopukutira mbale.

Mdima wa pansi pa thaulo ndi wochepa,
wokwana m'chikhatho,
koma ndinasocheramo milungu itatu.

"Kopindako ukankhe
ngati ukutseka chikope cha mwana wogona."
Ine ndinakankha ngati ndikumasula nati ya dzimbiri.
Kanapindika.
Kachiwiri kanathyoka Lachinayi,
ndipo mtengo wake unalembedwa pa khoma, pansi pa dzina langa:
Nibaldo, ziwiri.

Pang'onopang'ono zala zinayamba kumva.
Pini yomasuka imadumpha ngati ikuseka,
umaikankha, ikubwezera.
Pini yogwidwa siseka.
Imauma gwa, imakwekwesa khoma,
ndipo ndi yomweyo yofunika kuinyengerera,
kuikweza kamtunda kochepa kuposa kukhuthala kwa chikhadabo
mpaka penapake, osati m'khutu,
koma m'fupa la chala chachikulu,
pamveke kuti tche.

Yoyamba inandilola.
Yachisanu, yakutali kwambiri, inandilolanso.
Yachitatu ndiye ayi.
Ndikaikweza pang'ono, kulibe kanthu;
ndikawonjezera, yapitirira,
ndiye ndimasule dzanja,
ndimve zonse zimene ndinamanga zikugwa,
tche, tche, tche,
ngati madontho a pa denga mvula itakata.

Usiku mkazi wanga Ximena anandigwira mkono:
"Ukutokosa chiyani m'bulangetemu?"
Chala changa chinkawerenga mapini kutulo.

Tsiku lina m'mawa nkhungu inakwera kuchoka kunyanja
n'kumeza sitima zonse, kusiya kulira kwake kokha.
Mayi Eduvigis anali pa foni,
kukangana ndi wogulitsa makiyi osadula wa ku Santiago.
Ine ndinkamvetsera mkanganowo,
kudabwa kuti mayi wamfupi chonchi
amasunga kuti mawu otukwana ochuluka chotere.
Manja ndinawaiwala pansi pa thaulo.
Anatsala okha, opanda kapitawo.

Ndiye mtima wa loko unatembenuka.
Popanda phokoso, popanda kulimbana,
unangopendekeka ngati mutu wa munthu wovomera,
chitsulo cha pamwamba n'kudumpha.

Ndinakhala kakasi.
Sindikudziwa chimene ndinachita.
Ndinafuna kufunsa zala zanga,
koma zinangondiyang'ana, zakuda ndi mafuta,
ngati ana amene agwirizana kusaulula.

Mayi Eduvigis sanadule foni.
Anaipanikiza ndi phewa,
anatambasula dzanja,
n'kudina loko uja. Anatsekekanso.
"Kamodzi ndi ngozi," anatero, atatseka cholankhulira ndi chikhatho.
"Ndipo kumbuka, Nibaldo:
wako wokha, kapena wa amene wakupempha ali pomwepo."
Anabwerera kwa munthu wa ku Santiago.

Lero ndamutsegula kasanu ndi kawiri,
ndamulephera kochuluka kosawerengeka.
Pa shelefu pakudikira wina, wa mapini onyenga,
amene amati tche asanafike,
bodza lenileni la chitsulo.
Sindinamukhudzebe.

Madzulo potsika masitepe a phirili
ndimadutsa zitseko zobiriwira, zachikasu, za malata,
chilichonse ndi kamdima kake kokwana m'chikhatho.
Manja ndimawasunga m'thumba.
Ndikafika pakhomo panga ndimatulutsa kiyi,
ndimamulowetsa pang'onopang'ono kuposa kale,
ndipo ndimamva, dzino ndi dzino,
mapini akunyamuka kumupatsa njira,
monga akhala akuchitira zaka zonsezi
ine ndisakumva.