Udzu Usanagwe

Folo koloko m'mawa, ku Allgäu.
Mame alowa m'nsapato ngati tili nawo ngongole.
Korbinian wanenetsa: thirakitala ilira seveni,
siidikira munthu, mvula ikubwera Lachinayi.
M'dambo lakeli mwagona ana agwape
amene amayi awo anawasiyira lamulo limodzi lokha:
ukamva phokoso usathawe, khala phee.
Lamulo limenelo limapusitsa nkhandwe.
Mpeni wa makina sulidziwa.

Ndiye tabwera, ine ndi mlongo wanga Walburga,
ndi kandege kathu ka mapiko anayi
kamene diso lake siliona udzu, siliona duwa,
limangoona kutentha.

Mkangano wathu wakwanitsa zaka zitatu.
Iye amafuna mitundu.
Chozizira chide ngati mtsempha,
chofunda chipse, chiyake chikasu.
Amati moyo uzikuwa, usamanong'one,
maso amene agona maola atatu okha
alibe nthawi yomasulira mwambi.
Ine ndimafuna phulusa.
Kuda, kutuwa, kuyera, basi.
M'phulusa ndimaona pamene chinthu chathera,
khutu lopindika, msana wopeteka ngati nyemba.
Mitundu imandibera m'mphepete,
imapaka milomo yofiira
pa mulu uliwonse wa mfuko.

Lero taponya kandalama m'mwamba. Wapambana ndi iye.

Galasi layaka. Dambo lonse lati bii,
kenaka kadontho psuu pafupi ndi mtengo wa apozi.
Walburga wayamba kusambira m'udzu wofika m'chiuno,
wailesi ili paphewa,
ine ndikumuwongolera: kumanzere, mapazi asanu, ima.
Mphaka wa Korbinian. Watitukwana, wapita.
Kadontho kachiwiri ndi mwala
umene wasunga dzuwa ladzulo ngati chakukhosi.

Kachitatu n'kofooka, kachikasu kozilala
pansi pa udzu umene mphepo inagwetsa.
M'phulusa langa ndikanakadutsa.
Izi ndikuuza pepala lokha, iye sindimuuza.

Wagwada. Wavala magolovesi, wazula udzu manja awiri
kuti fungo lathu lisatsalire pa ubweya.
Akuti kakulemera ngati buledi,
mtima ukugunda mpaka m'zala zake.
Wakaika m'bokosi, pamthunzi, m'mbali mwa nkhalango.

Sikisi itangodutsa dzuwa lasuzumira paphiri
ndipo galasi lagwira moto.
Milu ya mfuko yafiira, mitengo ya mpanda yafiira,
miyala, zitsa, dothi lopanda udzu,
chilichonse chikulumbira kuti chili ndi magazi.
Wailesi yakhosomola.
"Bwezera phulusa lakolo," watero,
mawu ake ngati akulipira chindapusa.

Ndadina. Dambo lazima, lasanduka imvi.
Madontho oyera alipo makumi asanu kapena kuposa,
ndikuwayendera limodzilimodzi, maso akuwawa.
Ili ndi lozungulira kwambiri.
Ili lili ndi ngodya.
Ili, tsitsa pang'ono kandege,
ili lili ndi khutu.

Bokosi lachiwiri.

Batire latsala pang'ono kufa,
kandege katera kokha pamsewu, kakunjenjemera.
Mzere wa kumtsinje sitinauone
m'mitundu kapena m'phulusa.
Kumunsi Korbinian wayamba kale kutenthetsa injini.

Walburga akuti woyamba anapezeka ndi moto.
Ine ndikuti wachiwiri anapezeka ndi phulusa.
Kunkhalango gwape wamkazi akuuwa, sakufunsa zimenezo,
akufuna kudziwa kuti mabokosi titsegula liti.

Tayala chida chonse paudzu.
Tatenga ndodo, wina kuno wina uko,
mikono iwiri pakati pathu monga tinkayendera ndi bambo,
ndipo mzere wotsalawo tikuupita wapansi,
kupatula udzu pang'onopang'ono,
mathalauza ali chonyowa mpaka m'ntchafu,
ndi maso amene tinabadwa nawo.